Lamulo la Matope ku Mawationa

Kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu adachita nawo ulesi kuli ufumu wotchedwa Mawationa. Dzinali silidabwere mwangozi. Mukafunsa za mlatho umene udakokoloka agogo anu ali anyamata, akuyankhani kuti mawa tiona. Mukafunsa za mankhwala kuchipatala, mawa tiona. Chinthu chokhacho chimene sichidikira mawa m'dzikomo ndi lamulo latsopano, makamaka likabadwa Mfumu itakwiya.

Mfumu yake inali Mkhutakale Wachitatu, Njovu Yosagwa, Mwini Mvula, Mlimi Woyamba wa Dziko Lonse. Udindo womalizawu idaupata chifukwa cha khasu lina la mpini wopaka vanishi limene inkajambulitsa nalo chithunzi mvula yoyamba ikagwa. Khasulo linali ndi wantchito wakewake wolipukuta fumbi, ndipo chisulidwire silidalaweko dothi.

Tsiku lina Mfumu ikudya mazira a m'mawa, idafunsa kuti tomato wokoma chonchi walimidwa m'dera liti. Wophika, munthu wosadziwa kusunga pakamwa, adayankha kuti wachokera ku Dzukamamawa, ufumu woyandikana nawo umene Mfumu inkadana nawo koopsa. Tomatoyo adawawa pomwepo. Dzuwa lisanafike paliwombo nduna zonse zinali zitakhala kale m'bwalo, zina zitamanga mabatani a malaya mosemphanitsa.

"Dziko la achinyamata ochuluka ngati nyerere likudya tomato wa adani!" idabangula Mfumu. "Kodi anawa amatani tsiku lonse?"

Nduna ya Ulimi, a Dzanjalofewa, adadzuka atagwirizira mimba. "Njovu Yosagwa, vuto ndi sukulu. Ana akufunitsitsa kulima, koma sukulu ikuwadyera nthawi."

"Pepani Mfumu, anzangawa akutisemera chinyau," adatero a Chokochatha, Nduna ya Maphunziro. "Sukulu zathu sizidya nthawi ya munthu. Mvula ikagwa timaweruka, mphepo ikakula timawerukanso, poti makalasi athu ambiri ndi mitengo ya mango."

Atakangana mpaka thovu kukamwa, adamanga mfundo yakuti mwana amene wajomba kusukulu chifukwa cha ntchito ya kalabu ya ulimi asamawerengedwe kuti wajomba. Kunena chilungamo, mfundoyi inali yabwino. Makolo ndi aphunzitsi adaipempha kalekale, pa nthawi ya agogo ake a Mfumuyi, ndipo adayankhidwa yankho lija mukulidziwa. Zinthu zidapotoka pamene nduna ina yokalamba, imene onse ankayesa kuti ili m'tulo, idafunsa kuti: "Nanga tidzadziwa bwanji kuti mwanayo analidi kumunda, osati kumavidiyo?"

Wina adati aphunzitsi azilemba kakalata. Adamukumbutsa kuti mapepala onse a m'dziko adathera kusindikiza zithunzi za Mfumu. Wina adati makolo azichitira umboni, koma bwalo lonse lidaseka chikhakhali, pakuti ku Mawationa mawu a munthu wamba sawerengedwa umboni. Apa a Dzanjalofewa adakweza chala chawo chosalala.

"Njovu Yosagwa, msodzi amadziwika ndi fungo. Mlimi amadziwika ndi matope. Mwana azingoonetsa matope basi."

"Mwalasa!" zidafuula nduna zonse, zitayamba zaona kuti Mfumu yagwedeza mutu.

Tsiku lomwelo wolengeza adayenda ndi chimkuzamawu m'misewu: "Tamverani! Mwana wojomba chifukwa cha kalabu ya ulimi, pobwerera kusukulu m'mawa mwake aonetse matope kuyambira kuphazi mpaka m'mawondo. Wamatope wakhululukidwa. Woyera miyendo wajomba. Wojomba kwambiri salemba mayeso a boma!" M'bwalo lonse lija mudalibe ndi mmodzi yemwe amene adaganizako kuti munthu akachoka kumunda amasamba asanagone. Sitingawadzudzule kwambiri, pakuti mwa iwo mudalibe amene adachokerapo kumunda.

Pamsika wa Tsitsaniko anthu adamvetsera lamulolo mwaulemu, monga amachitira nthawi zonse pakakhala apolisi pafupi. Wolengeza atangokhota, mayi wogulitsa zitumbuwa adati, "Tithokoze, sopo atsika mtengo."

"Nkhumba yanga ndikailembetsa folomu wani," adatero mkulu wosoka nsapato. "Siidzajombapo."

Koma munthu mmodzi sadaseke. Ameneyu anali Kaphesi, woumba njerwa amene uvuni wake udagumuka ndi mvula chaka chimenecho n'kumusiya manja ali m'khosi. Iye adangoyang'ana patali, ngati munthu amene akumva kuitana kwa mizimu. M'mawa mwake adafika ndi wilibala yodzaza matope, nayamba kuwalongedza m'timajumbo ta shuga.

"Matope! Matope a lero! Opaka mwendo umodzi, opaka miyendo iwiri! Kupaka n'kwaulere!"

Sabata isanathe, ana onse a mumzinda adasanduka alimi. Makalabu a ulimi adamera paliponse ngati bowa, ena pamwamba pa nyumba zosanja pomwe ngakhale bonongwe sangamere. Mamembala ake ankaswera kumavidiyo ndi kumpira, m'mawa n'kudzera kwa Kaphesi, amene ankawapaka ndi bulashi ya penti mosamala kuti nsapato zisade. Kasitomala wamkulu anali Juniya, mwana wa a Dzanjalofewa, amene ankabwera pagalimoto n'kungotulutsa mwendo pawindo. Kaphesi adanenepa, nagula chipewa.

"Akuluakulu ankanena kuti chuma chili m'nthaka," ankatero iye, "koma ife tinkachedwa ndi kudzalamo zinthu."

Tsopano tichoke mumzinda, tipite kumudzi kwenikweni kumene minibasi imabwerera panjira. Kumeneko kuli sukulu ya sekondale ya Bwerezani, ndipo pasukulupo panali kalabu ya ulimi yeniyeni, imene idayamba lamulo lisanabadwe. Anawo anali ndi dimba m'mbali mwa dambo, momwe ankalima tomato, anyezi ndi mpiru. Mtsogoleri wawo anali Elube Kamtedza, mtsikana wa folomu folo, wosalankhulalankhula koma wakuthwa mutu. Iye ankafuna kudzakhala dokotala wa ziweto, chifukwa chaka china mbuzi za mayi ake zidafa zonse popanda ndi mmodzi yemwe wobwera kudzaziyang'ana m'kamwa. Njira yopita kumeneko inali imodzi yokha: mayeso a boma a chaka chomwecho.

Lamulo litangotuluka, a Dzanjalofewa adakumbukira kuti ana a kalabu amafunika maphunziro a m'munda. Mwamwayi, iwo anali ndi munda woyenera, esiteti yawo ya thonje ya Thukutalaena, imene inali kufupi ndi Bwerezani. Lole inkabwera kudzatenga kalabu yonse. Ulendo woyamba anawo adaphunzira kupalira. Ulendo wachiwiri adaphunziranso kupalira. Adapitiriza kuphunzira phunziro lomwelo mzere ndi mzere mpaka esiteti yonse idayera. Kukana kudali kosatheka, pakuti mwana wokana maphunziro ku Mawationa amatengedwa ngati woukira Mfumu.

Elube sadadandaule. Ankabwera madzulo msana uli wowawa, n'kukopera manotsi kwa anzake. Tsoka lake lidali limodzi: adabadwa kwa Nangozo.

Nangozo anali mayi wamasiye, wosauka ngati anzake onse a m'mudzimo, koma pankhani ya ukhondo adalibe mnzake. Mawu ake anali akuti umphawi si uve. Pakhomo pake ankasesa mpaka nkhuku zinkayenda mwamanyazi. Mwana wake adamulera ndi mwambo umene iyenso adaleredwa nawo, wakuti munthu saonekera pamaso pa akulu ali ndi litsiro la kumunda. Ukachoka kolima umatsikira kumtsinje, n'kukwecha zidendene pamwala mpaka ziyere, kenako n'kudzola timafuta. Aphunzitsi ndi akulu. Choncho Elube ankalima tsiku lathunthu m'matope ofika m'mawondo, m'mawa mwake n'kufika kusukulu miyendo ili phuliphuli.

Pachipata cha sukulu pankakhala mphunzitsi wamkulu, a Chimbalanga, munthu wofatsa amene ankaopa ngakhale chithunzithunzi chake chomwe. Pambali pawo pankakhala bwana watsopano wochokera kulikulu, Woyeza Matope, atagwira kandodo kokhala ndi mizere.

"Elube, dzulo sunabwere," adatero a Chimbalanga.

"Ndinali ku Thukutalaena, aphunzitsi. Munatikweza lole ndinu."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Nanga matope ali kuti?"

"Ndasamba, aphunzitsi."

"Wasambiranji?"

Elube adawayang'ana modabwa. "Poti ndimabwera kusukulu."

A Chimbalanga adayang'ana buku lawo la maina. Tomato wa dimba la Elube ankamudya kunyumba kwawo, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti palibe mwana wolima kuposa ameneyu m'chigawo chonse. Koma Woyeza Matope adagogoda kandodo kake pansi, ndipo a Chimbalanga adalemba kuti wajomba. Anzake a m'kalabu adachenjera msanga, nayamba kugona ndi matope awo. Elube yekha ndiye ankangojomba, ulendo ndi ulendo.

Tsiku lina adalimba mtima. "Amayi, lero ndisasambe. Ndigone chonchi kuti mawa akaone."

Nangozo adaleka kupeta. "Ugone chonchi pati? Pa mphasa yanga? Kodi ndidabereka munthu kapena nguluwe?"

"Ndi lamulo, amayi."

"Lamulo la ndani loletsa munthu kusamba? Wamva molakwa iwe. Mfumu ndi munthu wamkulu, singalamule zauve."

"Anzanga ena amagula mumzinda."

"Kugula chiyani?"

"Matope."

Nangozo adaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu. "Ndigule dothi ine? Wobadwira padothi, wodzagona m'dothi? Pita ukasambe, madzi akuzizira."

Padapita nthawi kuti Nangozo akhulupirire kuti dziko lapengadi. Adakhulupirira tsiku limene a Chimbalanga adamuimitsa panjira n'kumunong'oneza, akuyang'ana uku ndi uku, kuti mwanayo watsala pang'ono kuchotsedwa pa mayeso. Mayiyo adafika kunyumba nkhope ili yakugwa.

"Mawa udzere kudimba," adatero osamuyang'ana mwanayo. "Ukaponde m'matopemo. Koma ine ndisakuone, ndipo usadzere njira ya kutchalitchi."

Elube adachitadi zomwezo. Adaima m'dambo mpaka makande akuda bii adamufika m'mawondo, nayenda ulendo wonse wa kusukulu akuzemba anthu ngati wakuba.

Koma zengerezu adalinda kwawukwawu. Kulikulu zinthu zinali zitasintha kale. Nyuzipepala ya boma idajambula ana a makalabu kuti dziko la Dzukamamawa lione n'kuchita nsanje, koma chithunzi chitatuluka Mfumu idakwiya. Matope akuda pa miyendo yakuda sankaoneka, ndipo anawo ankangooneka ngati ana wamba oima pamzere. Bwalo lidakhalanso, ndipo lidagamula kuti matope ovomerezeka ndi ofiira okha, a katondo, chifukwa ndi amene amatuluka bwino pachithunzi. Pofuna kuteteza anthu ku matope achinyengo, katondoyo adayenera kuchokera pa dzenje limodzi lokha, la Kaphesi. Sabata yomweyo a Dzanjalofewa anali atangozindikira kuti Kaphesi ndi msuweni wawo. Chibale chimaoneka bwino munthu akagula chipewa.

Woyeza Matope adayang'ana miyendo ya Elube, nakanda pang'ono ndi kandodo, nanunkhiza.

"Ili ndi dothi wamba."

"Ndi la m'dimba momwe timalima, bwana."

"N'chifukwa chake ndikuti ndi lawamba. Aliyense akhoza kulipeza. Wajomba, komanso wabwera kusukulu uli wauve."

Tsiku limenelo dzina la Elube lidachotsedwa pa mayeso. Sadalire pamaso pa anthu. Adakalirira kumtsinje, akukwecha makande aja pamwala. A Chimbalanga adabwera kunyumba madzulo, chipewa chili m'manja, nanena kuti iwo alibe mphamvu, Nduna ilibe mphamvu, amene angabweze dzinalo ndi Mfumu yokha. Mwamwayi Tsiku la Mlimi Wachinyamata linali pafupi, ndipo pa tsikulo Mfumu inkamva madandaulo a anthu awiri kapena atatu kuti ojambula apeze chojambula.

Nangozo adagulitsa tambala wake kuti apeze yokwerera. M'mawa wa tsikulo mnansi wake, Nasiketi, adawapeza kumtsinje akusamba.

"A Nangozo, simunaphunzirebe? Mwanayu mupite naye ali ndi matope!"

"Kwa Mfumu? Ndi matope?" Nangozo adagwira pakamwa. "Kusukulu ndidalola chifukwa ndidapanikizika. Koma pamaso pa mwini dziko? Anthu adzati ndidaleredwa ndi yani? Mfumu ikadzamva nkhani yathu m'kamwa mwathu idzamvetsa. Amene akuiwononga ndi anthu oizungulirawa."

Amphawi a ku Mawationa amakhulupirira zimenezi kuyambira kale, ndipo n'chifukwa chake a Mkhutakale afika pa wachitatu. Nangozo adamukwecha mwana wake tsiku limenelo kuposa masiku onse, namudzoza mafuta a nsatsi mpaka miyendo idawala ngati mphika watsopano. Yunifolomu adaisita ndi makala a mtengo wa tsanya, navala nsalu yake ya ku ukwati.

Bwalo la Ombanimmanja lidadzaza. Ana a makalabu a mumzinda adadutsa pamzere, onse ofiira miyendo ngati adachokera m'nkhokwe imodzi ya penti. Pakati pa bwalo padali thebulo la zokolola: tomato wonenepa, anyezi ngati zibakera, mpiru wobiriwira. Elube adazizindikira msanga, pakuti lole ya Nduna idadzazitenga m'dimba la Bwerezani dzulo lake, ati kukaonetsa. Pambali pa thebulolo padaima Juniya, atapakidwa katondo mpaka m'ntchafu, wina kuseri kwa makutu, nsapato zili mbee.

Mfumu idatenga tomato mmodzi, niluma, madzi ake n'kutsikira m'ndevu. "Uyu ndiye tomato wa Mawationa! A ku Dzukamamawa amve! Walima ndani?"

"Kapolo wanu wamng'onoyu, Njovu Yosagwa," adatero a Dzanjalofewa, akukankhira mwana wawo kutsogolo.

Juniya adavekedwa mendulo ya Mlimi Wachinyamata wa Chaka. Adalonjezedwanso kuti akangolemba mayeso, boma lidzamutumiza kunja kukaphunzira zaulimi, kuti luso lotere lisafere m'dziko muno. Anthu adaomba m'manja, pakuti apolisi anali pafupi.

Nthawi ya madandaulo itakwana, Nangozo adayenda chogwada, mwana wake ali pambuyo, naomba m'manja mwaulemu wonse umene adaphunzitsidwa.

"Zikomo Mfumu, mwini dziko. Ine ndine Nangozo wa ku Bwerezani, mayi wamasiye. Uyu ndi mwana wanga Elube. Amuchotsa pa mayeso ati amajomba, chonsecho masiku onsewo amakhala ali ku kalabu, kulima. Tomato mwadyayo wathirira ndi iyeyu. Ndapota nanu, mwini dziko, mubwezereni dzina lake. Ndilibe wina."

Pa mawu a tomato aja a Dzanjalofewa adatsokomola kwambiri, gulu la ng'oma n'kuyamba kuimba mwangozi, moti Mfumu sidawamve. Idangoweramira kutsogolo n'kuyang'ana miyendo ya Elube, imene inkanyezimira padzuwa.

"Mayi, mukuti uyu ndi mlimi? Miyendo iyi? Ngakhale mkazi wanga sawala chonchi."

Nduna zidaseka mpaka kugwira nthiti.

"Tasamba chifukwa timabwera kwa inu, Mfumu. Taonani m'manja mwakemu." Nangozo adatambasula zikhatho za mwanayo, zokhakhala ngati khungwa.

"A Chokochatha, kodi lamulo likunenapo za manja?"

"Ayi, Njovu Yosagwa. Kuphazi mpaka m'mawondo."

"Mwamva, mayi. Lamulo ndidapanga ndine, koma likundimanga ine ndemwe."

Nkhani ikadathera pomwepo. Koma a Dzanjalofewa anali atamuyang'anitsitsa mtsikanayo, ndipo adamukumbukira. Kapitawo wa ku Thukutalaena ankamutchula kawirikawiri, kuti pakakhala kamtsikana aka kalabu yonse imagwira ntchito ngati anthu olipidwa. Adakumbukiranso kuti thonje layamba kuphulika, ndipo otola akusowa. Adawerama n'kunong'oneza m'khutu la Mfumu kwa kanthawi. Nkhope ya Mfumu idawala.

"Anthu anga, mumanditcha Njovu, koma mtima wanga ndi wa nkhunda. Mwanayu apakidwe matope ovomerezeka pompano, pamaso panga, ndipo ndimuchitira chifundo."

Kaphesi adathamanga ndi beseni la katondo, bulashi ili m'manja, chipewa chili pamutu. Atangowerama kuti ayambe, Nangozo adamugwira dzanja.

"Musamukhudze. Mwanayu ndi wanga."

Mayi uja adapinda nsalu yake ya ku ukwati, nagwada pafumbi. Adapisa manja onse awiri m'beseni. Miyendo imene adaisambitsa kuyambira ili timiyendo ta khanda, imene adaikwecha yekha m'mawa womwewo, adayamba kuipaka matope, kuchokera kuphazi kukwera m'mwamba. Ankapaka bwinobwino, mosasiya mpata, monga ankachitira ntchito iliyonse pa moyo wake. Poyamba anthu adaseka. Kenako kuseka kudazilala, kuyambira kumbuyo kumene kudaima amayi a kumudzi, mpaka bwalo lonse lidangoti zii. Elube ankayang'ana kumwamba kuti misozi isagwe. Nangozo sadakweze mutu. Zinali zomvetsa chisoni, ndipo aliyense wobadwa kwa mayi adachita manyazi, kupatula amene adakhala pamthunzi.

"Taonani!" idafuula Mfumu mokondwa. "Tsopano ndikuona mlimi! Ojambula, jambulani! Mwana iwe, kujomba kwako konse ndakukhululukira!"

Nangozo adaponya manja ofiira m'mwamba naimba nthungululu. Elube adagwada n'kuomba m'manja. Koma Mfumu ya ku Mawationa ikayamba kupatsa siidziwa polekezera, makamaka ikamapatsa zimene yanong'onezedwa.

"Sindinathe! Mlimi wotere kumutsekera m'kalasi n'kulakwira dziko. Ndamukhululukira kujomba kwa dzulo, kwa lero ndi kwa mawa lomwe, iye pamodzi ndi kalabu yake yonse ya Bwerezani. Ngakhale mayeso asavutike nawo. Mayeso ndi a ana amene alibe chochita. Pa nthawi ya mayeso ana amenewa akakhale ku Thukutalaena, akaphunzire kutola thonje!"

"Mwalasa!" zidafuula nduna, a Dzanjalofewa mokweza kuposa onse.

Nthungululu ija idafera pakhosi. Elube, mtsikana amene anali asanatsutsepo akulu chibadwire, adadzuka matope akuyenderera m'miyendo.

"Pepani Mfumu. Ine ndimafuna kulemba."

Mfumu inali itadzuka kale, pakuti fungo la nyama yootcha linali litafika pa nsanja. Idatembenuka, nimwetulira mwachikondi ngati kholo.

"Mawa tiona, mwana wanga."

Madzulo a tsikulo pamsika wa Tsitsaniko anthu sadachite nthabwala zambiri. Mkulu wosoka nsapato adangoti, "Chifundo cha Mfumu n'choopsa kuposa mkwiyo wake. Mkwiyo umatha." Mayi wa zitumbuwa adamuuza kuti atseke pakamwa asanachitiridwe chifundo nayenso.

Sabata ya mayeso Kaphesi adatseka bizinesi n'kupita kutchuthi, chifukwa makasitomala ake onse anali atasamba n'kukhala m'zipinda zolembera, miyendo ili yoyera, Juniya ali patsogolo. Ku Bwerezani lole idabwera m'mamawa. Idadutsa pachipata cha sukulu pa nthawi imene ankamenya chitsulo choitanira olemba mayeso. A Chimbalanga adaima pakhomo la kalasi yokhala ndi mipando yambiri yopanda anthu, maso ali pansi. Ana a m'lolemo sadaimbe nyimbo monga ankachitira kale. Elube adayang'ana sukuluyo mpaka fumbi lidaiphimba. Ku Thukutalaena kudali kouma gwaa, kopanda matope ngakhale a mankhwala, koma padalibenso wofunsa za miyendo yake.

M'mawa womwewo Nasiketi adatsikira kumtsinje kukatunga madzi, napeza Nangozo atakhala pamwala paja, akukwecha manja. Katondo wa boma adali atachoka kalekale, koma mayiyo ankabwera tsiku ndi tsiku, n'kumakwecha mpaka khungu kutupa.

"A Nangozo, basi tsopano. Manjawo adayera kale."

Nangozo adawatembenuza, nawayang'ana kuseri ndi kuno, nawabwezeranso pamwala.

"Sadayere, anzanga. Adamupaka ndi omwewa."